Vinyo wa Cinsault ndi wofiira mopepuka koma wodula: kodi mlendo ndimuyankhe chiyani?

Naphiri wa ku Mufakose

Moni kwa inu nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ine ndinabadwira konkuno ku Harare, ngakhale kuti makolo anga kwawo ndi ku Dedza, ndipo kwa zaka 9 tsopano ndakhala ndikuperekera zakudya ndi zakumwa pa malo ena odyera ku Avondale. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere kuyambira Loweruka lapitali, ndipo ndikukhulupirira kuti pakati panu alipo amene anagwirapo ntchito m'minda ya mpesa kapena m'masitolo a vinyo.

Mwezi wathawu abwana athu anabweretsa makatoni awiri a vinyo wofiira wochokera ku South Africa, wopangidwa ndi mphesa zotchedwa Cinsault, ndipo anatiuza kuti amene amamupanga ndi banja lina la ku dera la Swartland, kuchokera ku mipesa yakalekale. Anatipempha kuti tizimutchula kwa alendo. Loweruka kunabwera bambo ena amene amadya kwathu kawirikawiri ndipo nthawi zonse amamwa Shiraz, choncho ndinawalimbikitsa kuti alaweko watsopanoyu. Botolo ndinalitsegula iwo akuona, koma nditangothira m'tambula anaikweza m'mwamba n'kuyang'anira pa getsi, kenaka ananena mokweza, anzawo akumva, kuti iwo sanabwere kudzagula Mazoe pa mtengo wa vinyo, ndiponso kuti ngati madziwo sitinathire ndife ndiye kuti anathira ndi eni ake opangawo. Botololo analibweza, ndipo ine ndinachoka patebulopo ndi manyazi chifukwa ndinalibe choyankha.

Titaweruka ndinalawako pang'ono. Kunena zoona, mtundu wake uli ngati madzi a chidede, moti ukaika chala kuseri kwa tambula umachiona bwinobwino. Fungo lake linandikumbutsa mabulosi akupsa, m'kamwa anali wowawasa pang'ono mokoma, ndipo analibe kuuma kuja kumene Shiraz ndi Cabernet amasiya palilime. Papepala la botolo palembedwa kuti mphamvu ya mowa ndi 12 peresenti, pamene Shiraz amene timagulitsa ali ndi 14 kapena kuposerapo, ndipo palinso kachidindo kolembedwa kuti Certified Heritage Vineyards pamodzi ndi chaka chimene mipesayo inabzalidwa. Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti vinyo wooneka wofookayu ndi wodula kuposa Shiraz wa makampani akuluakulu.

Ndikupempha amene akudziwa andifotokozere chifukwa chake vinyoyu amaoneka chonchi, ndiponso chimene munthu amalipira akagula botolo lotere, kuti tsiku lina ndisadzaimenso kukamwa kuli yasa pamaso pa mlendo. Komanso, popeza mlongo wanga ali ndi kamunda ku Goromonzi ndipo atamva nkhaniyi wayamba kulakalaka zobzala mpesa, ndikufuna kudziwa ngati mtundu umenewu ungachite bwino kuno kwathu.

Mbewe wa ku Highfield

A Naphiri, mlendo wanuyo analakwitsa, koma ine sindingamudzudzule kwambiri, pakuti nanenso tsiku loyamba limene ndinaona vinyo ameneyu akutuluka m'chofinyira ndinaganiza kuti china chake chasokonekera. Ndinagwira ntchito zaka 7 pa famu ina pafupi ndi phiri la Paardeberg, kufupi ndi tawuni ya Malmesbury, poyamba m'munda, kenaka m'nyumba yopangira vinyo, ndipo zimene ndikulembazi zambiri ndinaziona ndi maso.

Mukatenga mphesa yakuda n'kuifinya ndi zala, madzi amene amatuluka amakhala oyera. Kufiira konse kwa vinyo kumachokera m'khungu la chipatsocho, ndipo kumalowa m'madzi pa masiku amene madziwo akuwira pamodzi ndi makungu. Kuuma kwa m'kamwa kumene mwatchulako, kofanana ndi kumene munthu amamva akaluma nthochi yosapsa, kumachokeranso m'khungu ndi m'njere momwemo, ndipo opanga vinyo amakutcha tannin. Tsono mphesa za Cabernet ndi zing'onozing'ono, za khungu lochindikala, pamene za Cinsault ndi zikuluzikulu, zamadzi ambiri, za khungu lopyapyala. Mukadzaza mbiya ziwiri zofanana, ya Cinsault imakhala ndi khungu lochepa poyerekeza ndi madzi ake, choncho vinyo amatuluka wowala ndiponso wofewa m'kamwa popanda wina kuthiramo dontho la madzi. Kuwonjezera apo, mabanja amene amapanga vinyo wotere amachita dala kuti asamulemeretse. Ife tinkathyola shuga akafika pa 21 kapena 22 pa muyeso wa Balling, osadikira kuti zipatso zifwafwale padzuwa, n'chifukwa chake mphamvu ya mowa imathera pa 12 peresenti. Mbali ina ya mphesa tinkaiika m'thanki ndi mapava ake osapulula, tinkaponda pang'ono ndi mapazi, ndipo kuwira kunkayamba kokha ndi yisiti wa pakhungu popanda kuthira wogula. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri tinkafinya n'kusunga vinyoyo m'migolo yakale imene fungo la mtengo linatheratu, chifukwa mgolo watsopano ukanaphimba fungo la mabulosi limene inu munalimva.

Mbiri ya mtundu umenewu ndiyo imafotokoza chifukwa chake anthu ambiri saudziwa ngakhale kuti makolo awo ankaumwa. Cinsault anachokera kummwera kwa dziko la France, kumene mpaka lero amamugwiritsa ntchito kwambiri popanga vinyo wa pinki. Ku Cape, dera la South Africa kumene kuli Swartland, ankamutcha Hermitage, ndipo mu 1925 pulofesa Abraham Perold wa ku Stellenbosch anamukwatitsa ndi Pinot Noir n'kutulutsa mtundu watsopano, umene dzina lake lakuti Pinotage linalumikiza maina awiriwo. Choncho aliyense amene amamwa Pinotage kuno ku Harare amamwa mwana wa mphesa imene mlendo wanu anainyoza. Alimi ankamukonda Cinsault chifukwa amapirira kutentha ndi chilala, ndipo ukamuthirira amabereka mosaneneka. Koma kumeneko n'kumene kunamuwonongera dzina. M'nthawi imene bungwe la KWV, limene linakhazikitsidwa mu 1918, linkalamulira malonda a vinyo, mlimi ankapereka mphesa ku kopaletivi ndipo phindu lake linkadalira kuchuluka kwa matani, motero mpesa ankaukakamiza kubereka mopyola muyeso, ndipo vinyo wake ankangosakanizidwa m'mabotolo otchipa kapena kutchezedwa kukhala brandy. Misika ya kunja itatseguka m'zaka za m'ma 1990, alimi ambiri anazula Cinsault n'kubzala Cabernet, Merlot ndi Shiraz, chifukwa ndiwo maina amene ogula a ku Ulaya ankawadziwa.

Zimene zinapulumuka ndi tizigawo ting'onoting'ono ta minda yakale, kawirikawiri pa mafamu amene eni ake analibe ndalama zozulira kapena ankangoumirira zimene anabzala atate awo. Mayi Rosa Kruger anayamba kufunafuna ndi kulemba minda yotereyi mu 2002, ndipo mu 2016 ntchitoyo inakhala bungwe la Old Vine Project. Chidindo chimene mwachiona pabotolo ndi chawo, ndipo chimaperekedwa kwa vinyo wa mipesa imene yakwanitsa zaka 35 kapena kuposerapo. Ku Wellington kuli munda wa Cinsault umene unabzalidwa mu 1900 ndipo ukuberekabe. Ku Swartland, a Eben Sadie amapanga Cinsault wotchedwa Pofadder, pamene banja la a Badenhorst pa famu ya Kalmoesfontein limapanga wotchedwa Ramnasgras, ndipo anthu ngati amenewa ndiwo anachititsa kuti mphesa imene inkatengedwa ngati ya ntchito zakalavulagaga iyambe kulemekezedwa.

Za mtengo, yankho lili m'msana wa munthu. Mipesa yakaleyi siyendetsedwa pa waya ayi, imaima payokhapayokha ngati zitsamba zofika m'mawondo, ndipo makina othyolera sangalowemo. Kudulira, kupalira m'tsinde ndi kuthyola, zonse ndi za manja, munthu atawerama. Yambiri siithiriridwa, m'dera limene mvula imagwa m'nyengo yozizira yokha, ndipo mpesa ukakalamba umabereka pang'ono. Chigawo chakale cha pa famu pathu chinkatipatsa matani atatu pa hekitala chaka chikakhala chabwino, pamene minda yothiriridwa ya oyandikana nafe inkapereka kangapo kuposa pamenepo. Mu Febuluwale tinkalowa m'munda kusanache kuti mphesa zifike zozizira, ndipo tinkaziika m'timabokosi ting'onoting'ono kuti zapansi zisaphwanyike. Mgolo umodzi wa malita 225 umatulutsa mabotolo 300, choncho banja limene lapeza migolo 10 lili ndi mabotolo 3,000 okha chaka chonse, ndipo malipiro a antchito, mabotolo, zitsekerero, mapepala ndi mayendedwe ziyenera kutuluka mmenemo. Kampani yaikulu imagawa ndalama zomwezo pa mabotolo mamiliyoni. Mukawonjezera msonkho wa pa Beitbridge ndi phindu la abwana anu, mtengo umene uli pa mndandanda wanu sukhalanso wodabwitsa.

Inu ngati woperekera, cholakwa chimodzi chokha ndikuchiona, ndipo n'chosavuta kukonza. Munthu wozolowera Shiraz amamwa ndi maso poyamba, choncho muzimuuza musanathire kuti vinyoyu aoneka wowala chifukwa cha mtundu wa mphesa. Komanso musamupereke ali wofunda ngati mmene chimakhalira chipinda mu Okutobala kuno. Muikeni m'firiji kwa mphindi 20 kapena 30, kuti afike pa madigiri 14 kapena pafupi ndi pamenepo, ndipo muzimutchula kwa amene aitanitsa nkhuku ya chikuda, nsomba ya ku Kariba yootcha kapena ndiwo zotendera, osati kwa amene akufuna nyama ya ng'ombe yonona.

Chisale wa ku Dzivarasekwa

Bambo Mbewe afotokoza momveka, ndipo pa za khungu ndi mtundu wa vinyo ndilibe chotsutsa. Koma ine ndimachita za akaunti, ndipo mawu akuti banja laling'ono ndikawaona pa chinthu chodula ndimafuna kudziwa kuti banjalo ndi liti, nanga ndalama zikufika kwa yani.

Choyamba, ambiri mwa opanga vinyo ang'onoang'ono a ku Cape munda si wawo. Amagula mphesa kwa mlimi, nthawi zina amachita lendi mizere ingapo, ndipo ena ngakhale nyumba yopangiramo vinyo amabwereka. Zimenezi si chinyengo, ndipo zikhoza kuthandiza mlimi ngati akulipidwa bwino pa tani, popeza mlimi sangasunge mpesa wobereka pang'ono chifukwa cha chikondi chokha. Koma a Naphiri asamauze alendo kuti agogo anabzala, mdzukulu akufinya, pokhapokha atadziwa kuti pa botolo limenelo zilidi choncho.

Chachiwiri ndi chimene chimandikhudza kwambiri, chifukwa ambiri a ife kuno ndife ana ndi adzukulu a anthu amene anabwera kuchokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya ndi m'migodi, ndipo tikudziwa kuti dzina limene limalembedwa pachipata si la munthu amene amawerama m'munda. Bambo Mbewe anena okha kuti yankho lili m'msana wa munthu. Minda ya mpesa ya ku Cape ili ndi mbiri yowawa ya kulipira antchito ndi vinyo, mchitidwe umene ankautcha dop, umene lamulo linauletsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 koma unapitirirabe m'mafamu ena mpaka zaka za m'ma 1990. Chakumapeto kwa 2012 antchito a m'minda ya mphesa zodya ku De Doorns ananyanyala ntchito, sitiraka inafalikira m'madera ena, ndipo mu Malichi 2013 malipiro otsikitsitsa a patsiku anakwera kuchoka pa R69 kufika pa R105. Chidindo cha mipesa yakale chimatsimikiza zaka za mpesa, sichinena kanthu za malipiro a wothyola. Amene akufuna kudziwa zimenezo ayang'ane chizindikiro cha WIETA kapena cha Fairtrade, mabungwe amene amaunika kasamalidwe ka antchito, kapena afunse wogulitsa mosapsatira. Nkhani yofanana nayo iliko ku Chile, kumene mphesa yotchedwa País, imene inafika ndi Asipanishi m'zaka za m'ma 1500, imalimidwa ndi alimi ang'onoang'ono m'zigwa za Maule ndi Itata pa mipesa ina yoposa zaka 100. Kwa nthawi yaitali mphesa imeneyo inkagulidwa motchipa, ndipo ngakhale lero vinyo wake wowala akutamandidwa m'mizinda ikuluikulu, funso la gawo limene mlimi amalandira silinathe.

Ndiwonjezenso kuti kupepuka pakokha si umboni wa ubwino. Popeza vinyo wotere ali m'fasho, alipo amene amathyola mphesa zisanakhwime n'kutulutsa chinthu chowawasa chopanda kanthu m'kati, kenaka n'kumata pepala lokongola. Ndiponso vinyo wopepuka, makamaka ngati opanga anathira sulphur wochepa, mankhwala oteteza vinyo kuti asawonongeke, sapirira kutentha. Lole ikaima masiku angapo pa mzere wa pa Beitbridge, kumene kutentha kwake tonse tikukudziwa, katunduyo akhoza kufika ku Harare atapsa kale. Choncho mlendo akabweza botolo, a Naphiri azilinunkhiza kaye asanaweruze kuti mlendoyo ndi mbuli. Ngati likununkha ngati zipatso zophika kapena viniga, kapena chitsekerero chatukuka ndipo vinyo wadontha m'khosi mwa botolo, wolakwa si mlendo.

Ngati abwana anu akufuna nkhani imene ingagwire mtima alendo a kuno, aikenso pa mndandanda vinyo wa anthu a dziko lino amene akupanga ku Cape, monga Kumusha wa a Tinashe Nyamudoka ndi Mosi wa a Joseph Dhafana, awiri mwa akatswiri anayi amene anaimira Zimbabwe pa mpikisano wa dziko lonse wolawa vinyo ku France mu 2017.

Agogo a Banda a ku Mabvuku

Mwana wanga Naphiri, maso anga anafooka, choncho mawuwa akundilembera ndi mdzukulu wanga amene anaphunzira za ulimi ku Gwebi. Ine ndiyankha za kamunda ka ku Goromonzi, chifukwa ndinatha zaka zambiri za unyamata wanga m'munda wa mpesa pa famu ina kufupi ndi Marondera.

Mpesa umamera kuno, zimenezo zisakukayikitse. Ulimi wa vinyo unakula m'dziko muno pambuyo pa 1965, pamene maiko ena anaika ziletso za malonda pa boma la Ian Smith ndipo vinyo wa kunja anasowa, ndipo mpaka lero anthu amadziwa dzina la Mukuyu ku Marondera ndi la Bushman Rock kummawa kwa Harare. Dera lathu ndi lokwera, Harare weniweniyu ali pa mamita pafupifupi 1,500, motero usiku kumazizira, ndipo mpesa umakonda zimenezo. Vuto lathu ndi limodzi, koma ndi lalikulu: mvula imagwa pa nthawi yolakwika. Ku Cape mvula imagwa mpesa uli mtulo, ndipo mphesa zimapsa kunja kuli gwa. Kuno mpesa umaphuka mu Ogasiti ndi Sepitembala, ndipo zipatso zimapsa pakati pa Disembala ndi Febuluwale, pamene mvula ili pachimake. Ndikukumbuka zaka zimene tinkadzuka m'mawa n'kupeza mapava amene dzulo lake anali okongola atang'ambika, mavu ndi njuchi zili piringupiringu, ndipo pofika tsiku lachitatu phava lonse lachita chuku. Tinkapopera mankhwala a kopa osakaniza ndi laimu, mvula n'kutsuka, ife n'kupoperanso. Kawirikawiri tinkathyola msanga pothawa kuola, shuga asanakwane.

Tsono Cinsault ameneyu, malinga ndi mmene a Mbewe amufotokozera, ali ndi zonse zimene mvula yathu imaziwononga: chipatso chachikulu, khungu lopyapyala, phava lothithikana. Akamwa madzi ambiri amabereka mopyola, ndipo vinyo wake pamenepo amakhaladi wamadzimadzi monga ananenera mlendo uja. Kukoma kumene unakumva m'botolo lija kunachokera ku ludzu la mpesa wokalamba pa nthaka youma, ndipo ludzu limenelo ku Goromonzi mu Januwale kulibe.

Mdzukulu wanga akuti ndikuuzenso kuti alipo maiko a mvula ngati yathu amene anapeza njira. Ku Brazil, m'chigawo cha Minas Gerais, amadulira mpesa kawiri pachaka: koyamba cha mu Ogasiti, n'kuchotsa zipatso zonse zimene zatuluka, kenaka kachiwiri kumayambiriro kwa chaka, kuti mphesa zidzapse m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti kunja kutauma. Kumeneko mtundu umene wachita bwino kwambiri ndi Syrah, amene ndi Shiraz yemweyo. Ku Dodoma m'dziko la Tanzania, kumene mpesa unafika ndi amishoni ndipo mvula ndi yochepa kuposa kuno, amakolola kawiri pachaka, ndipo ali ndi mphesa yawo yofiira imene amaitcha Makutupora. Koma iye akuchenjeza kuti kuno Juni ndi Julayi ndi miyezi ya chisanu chimene chimawaula masamba, makamaka m'madambo ndi m'malo otsika, choncho woyesa njira imeneyi asankhe malo otsetsereka oyang'ana kumpoto, ndipo akhale ndi madzi othirira.

Mlongo wakoyo ngati mtima wake wafunitsitsa, ayambe ndi mitengo 50, mitundu iwiri kapena itatu, osati hekitala. Mbande agule zomezanitsa kwa ogulitsa ovomerezeka, asalowetse nthambi mozemba kuchokera ku South Africa, chifukwa zomera zimafuna chilolezo cha boma ndipo matenda a mpesa amayenda ndi nthambi zomwezo. Akonzekere chiswe, apumbwa ndi mbuzi za anansi. Mpesa umayamba kupereka zokolola zenizeni m'chaka chachitatu, ndipo akafuna kugulitsa vinyo afunika chilolezo cha mowa.

Koma nkhani ya mipesa yakaleyi yandikumbutsa chimanga. Amayi anga anabwera ndi mbewu ya chimanga cha makolo kuchokera ku Ntcheu atamanga pansalu, ndipo alangizi atabwera ndi haibulidi anthu ankawaseka chifukwa nkhokwe yawo sinkadzaza ngati ya anzawo. Komabe chimanga chawocho chinkakonoleka bwino mumtondo, anankafumbwe sankachilowa msanga, ndipo nsima yake inali ina. Amene anasunga Cinsault ku Cape anachita zomwezo, anasunga chimene chinkagwirizana ndi nthaka yawo. Mlongo wako akabzala chaka chino, mipesa yake idzakwanitsa zaka 35 zija iye ali nkhalamba ngati ine, ndipo pofika nthawiyo ndi pamene adzadziwe mtundu umene wagwirizana ndi Goromonzi. Pakadali pano asanyoze chidede, mabulosi, jambula ndi magwafa amene ali nawo kale, pakuti ku Lilongwe a Linga akhala akupanga vinyo wa zipatso zoterezi kwa zaka zambiri.

Naphiri wa ku Mufakose

Zikomo kwambiri Agogo, bambo Mbewe ndi bambo Chisale. Mawu a Agogo ndamuwerengera mlongo wanga pafoni, ndipo ngakhale anakhumudwa pang'ono, wavomera zoyamba ndi mitengo yochepa kumtunda kwa munda, kutali ndi dambo.

Lachisanu ndinayesa zimene bambo Mbewe ananena. Ndinaziziritsa botolo, ndipo banja lina limene linaitanitsa nkhuku ndinaliuza za mtundu wa vinyoyu ndisanathire. Amayiwo anasangalala naye moti anajambula pepala la botolo, koma abambo anati ndi wokoma ngati chakumwa cha masana, iwo usiku amafunabe cholemera, ndipo sindinalimbane nawo. Ndafunsanso abwana za mmene katunduyu anayendera, ndipo akuti anabwera m'nyengo yozizira. Za malipiro a antchito a pa famuyo sanathe kundiyankha, koma alonjeza kufunsa amene amawagulitsa.

Ndatsala ndi funso limodzi. Abwana akuganiza zoyamba kugulitsa vinyoyu pa tambula, kuti mlendo asamaope kugula botolo lonse la chinthu chimene sakuchidziwa. Kodi botolo lotsegula lingakhale masiku angati, makamaka ndi kuthimathima kwa magetsi kumene tili nakoku?

Mbewe wa ku Highfield

A Naphiri, maganizo a abwana anuwo ndi abwino, koma muwerengere masiku awiri, atatu mukapambana. Vinyo wopepuka alibe tannin wambiri womuteteza ku mpweya, choncho fungo la zipatso limathawa msanga kuposa la Shiraz. Mukangothira muzibwezera chitsekerero, botolo liziima chilili m'firiji, ndipo muzilemba tsiku lotsegulira papepala lake. Botolo la mamililita 750 limapereka matambula 5 a mamililita 150, choncho ngati simukuona kuti mugulitsa asanu m'masiku awiri, muzitsegula Lachisanu ndi Loweruka pokha. Magetsi akathima musamatsegule firiji pafupipafupi, ndipo akakhalitsa muike botolo mu ndowa ya madzi ozizira pamalo a mthunzi, kutali ndi khitchini. Makatoni osatsegula musunge pansi, m'chipinda chozizira kwambiri chimene muli nacho, osati pa shelefu ya pamwamba pafupi ndi malata.

Kwa bambo Chisale, zimene mwanena za antchito ndi zoona, ndipo ine amene ndinaweramapo sindingazikane. Pa famu imene ndinali, amene tinkadziwa kudulira mipesa yakale tinkalandira zochulukirapo kuposa othyola a nyengo, chifukwa mpesa wa zaka 50 ukaudula molakwika bala lake limalowetsa matenda ndipo mkono wonse umauma. Koma othyolawo, ambiri a iwo ochokera ku Zimbabwe, Malawi ndi Lesotho, ankabwera ndi makontirakitala pa lole m'mawa, ndipo Malichi akatha sitinkawaonanso. A Naphiri, abwana anu akamafunsa, afunse za anthu amenewo makamaka, osati za antchito okhazikika okha.